Mafunso a Owerenga: Chakale Chikayamba Kutha, Tichikonze Motani?

Mwezi uno tasankha makalata atatu, imodzi yochokera ku Ntcheu ndi awiri ochokera ku Dedza, ndipo onse akukhudza nyumba, zipilala ndi malo omwe makolo adatisiyira. Makalatawa tawafupikitsa, koma mfundo za eni ake sitidasinthe.

FUNSO: Ndine mkulu wa mpingo kuno ku Ntcheu. Tchalitchi chathu chidamangidwa m'zaka za m'ma 1920 ndi njerwa zootcha zomwe agogo athu adaumba okha, ndipo pomanga adagwiritsa ntchito dothi. Lero chachepa, khoma lakumadzulo lachita mng'alu, njerwa za m'munsi zikufumbutuka, ndipo denga likudontha malo awiri. Ana a mpingo omwe ali pa ntchito ku Johannesburg atumiza ndalama, koma ndalamazo zatigawa pawiri. Achinyamata akuti tigwetse, timange chachikulu pamalo omwewo. Ife achikulire tikuti tipake pulasitala wa simenti mkati ndi kunja, tiyale matailosi pansi, tiikenso mawindo atsopano kuti chioneke chamakono. Akulondola ndani? Mkulu wa mpingo, Ntcheu.

YANKHO: Bambo, mwachita bwino kulemba musanagule thumba la simenti ngakhale limodzi, chifukwa ambiri amafunsa ntchito itatha kale. Mundikhululukire kuti yankho langa silikomera mbali iliyonse. Njira ya achinyamata ithetsa tchalitchicho tsiku limodzi, pomwe njira yanu akuluakulu, ngakhale ikuchokera m'chikondi, ichithetsa pang'onopang'ono inu mukuona ngati mwachipulumutsa.

Khoma la nthawi imeneyo lilibe pepala lapulasitiki lija lomwe amisiri a masiku ano amayala pamaziko potchinga chinyezi. M'dzinja limamwa madzi kuchokera pansi monga momwe chingwe cha koloboyi chimakokera palafini, ndipo m'chilimwe madziwo amatuluka kudzera m'njerwa ndi m'dothi la pakati pa njerwazo. Lafika zaka pafupifupi 100 chifukwa limanyowa n'kuumanso. Mukalikuta ndi simenti mbali zonse ziwiri, madzi apitiriza kukwera kuchokera pansi koma asowa potulukira, motero akwera pamwamba kuposa kale, dothi lomangira lifewa, ndipo mchere womwe madziwo amanyamula kuchokera m'nthaka uunjikana kuseri kwa pulasitalayo n'kumaswa nkhope ya njerwa. Matailosi oyala pa konkire nawo amawonjezera vutoli, popeza chinyezi chomwe chinkatulukira pansi chimathawira kumakoma.

Izi ndidaziona ndi maso pa tchalitchi china chomwe sindichitchula dzina. Adachipaka simenti kuchokera pansi kulekeza pamawindo, nachipakanso penti wonyezimira, ndipo tsiku lotsegulira anthu adavina. Patangodutsa madzinja atatu, mzere wakuda wa chinyezi udaonekera pamwamba penipeni pomwe simentiyo adalekezera. Nditagogoda ndi chala, pulasitalayo ankalira ngati chigubu chopanda madzi, ndipo mlonda atabenthula kachidutswa ndi nsonga ya chikwanje, mkatimo mudatuluka ufa wofiira wonyowa wonga katondo, womwe kale udali njerwa. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Yambani ndi madzi, chifukwa ndiwo mdani wamkulu wa nyumba yakale. Konzani malo awiri akudonthawo dzinja lisanafike, ndipo mmisiri akakwera kudenga aone ngati chiswe chalowa m'mitengo. Mtengo womwe wawola kunsonga kokha adule powolapo n'kulumikiza wina, osati kutsitsa denga lonse. Kenako zungulirani tchalitchicho mvula ikugwa, muone komwe madzi a padenga akuthera. Nthawi zambiri mupeza kuti dothi lakhala likuunjikana m'mbali mwa khoma zaka zonsezi mpaka lakwirira mizere ingapo ya njerwa, kapena kuti amayi a chigwirizano adadzala maluwa okongola mphepete mwenimweni mwa khoma ndipo amawathirira tsiku ndi tsiku. Chotsani dothilo, maluwawo muwasunthire patali, mukumbe ngalande yotaya madzi kutali ndi maziko. Ngati pakhoma pamera kachere, musamuzule ndi mphamvu chifukwa mizu yake ibwera ndi njerwa. Mudule, muphe chitsacho, mizu ikauma muichotse pang'onopang'ono.

Za mng'aluwo, choyamba ndi kudziwa ngati ukukulabe kapena udaima kalekale. Matani tizigamba topyapyala ta laimu modutsa pamng'alupo malo atatu, pamwamba, pakati ndi pansi, ndipo pambali pake mulembe tsiku ndi pensulo. Dzinja ndi chilimwe zikadutsa tizigambato tili bwinobwino, ndiye kuti khomalo lidakhazikika ndipo mng'aluwo ungotsekedwa. Tikasweka, kapena mukaona kuti khoma lapendekeka, musadikirenso, itanani injiniya ndipo anthu asakhale mbali imeneyo mpaka iye atanena. Palibe mfundo ya kasamalidwe ka zinthu zakale yomwe imaposa moyo wa munthu wokhala pa benchi pansi pa khoma lomwe likugwa. Komabe injiniyayo mumufunse momwe khomalo lingalimbitsidwire, chifukwa mukangomufunsa ngati nyumbayo ndi yakale, ayankha kuti inde, nkhani n'kuthera pomwepo.

Pokonza njerwa zofumbutukazo, chotsani zokhazo zomwe zatheratu, imodzi imodzi, n'kulowetsa zina zofanana nazo kukula ndi kulimba kwake. Pomanga gwiritsani ntchito dothi monga momwe eni ake adachitira, ndipo kunkhope kwa khoma mutseke mipata ndi laimu wosakaniza ndi mchenga. Chomangira chimayenera kukhala chofewa kuposa njerwa, kuti chinyezi ndi mchere zidye chomangiracho, chomwe n'chosavuta kubwezeretsa, zisiye njerwa. Laimu sasowa, poti anzathu a ku Balaka akhala akumuotcha kuyambira kale, koma muonetsetse kuti mwagula womangira, osati wothira m'munda uja, yemwe ndi mwala wongopera ndipo sagwira. Popaka makoma, laimu woyera wamadzi ndiye woyenera, osati penti wa mafuta. Ntchito ya laimu imafuna kudekha chifukwa amauma mochedwa ndipo amafunika kumuwaza madzi ndi kumutchingira dzuwa masiku angapo, n'chifukwa chake amisiri olipidwa pa kontirakiti samukonda.

Tsopano ndifike pa chomwe chikuchititsa kuti ndikukanizeni mawindo atsopano ndi zina zonse zokongoletsa. Nyumba yakale ndi mboni, ndipo inu mukudziwa kuti pabwalo la mfumu mboni yomwe yauzidwa zonena ilibenso ntchito ngakhale itavala bwino chotani. Pitani mukayang'anitsitse njerwa za tchalitchi chanucho: mupeza zina zili ndi zidindo za zala za amene adaziumba, zina zili ndi phazi la mbuzi yomwe idaponda njerwa zisanaume, zina n'zakuda chifukwa zidali pafupi ndi moto mu uvuni. Zimenezo ndizo zikunena kuti agogo anu adaponda dothi, adasenza nkhuni, adagona pa uvuni. Pulasitala akakwirira zonsezi, nyumbayo idzaima pomwepo koma sidzanenanso kanthu.

Mu 1964 akatswiri osamalira nyumba zakale adakumana mumzinda wa Venice ku Italy n'kulemba mfundo zomwe mayiko ambiri akutsatirabe. Adati chisamaliro chenicheni ndi cha tsiku ndi tsiku, osati chikonzero chachikulu kamodzi pa zaka makumi angapo. Adati wokonza alemekeze zipangizo zoyambirira ndipo alekeze pomwe wayamba kungoganizira momwe zinthu zidalili. Adatinso chatsopano chomwe chalowetsedwa chigwirizane ndi chakale koma chizizindikirika kwa woyang'anitsitsa, kuti asanamize mibadwo yakutsogolo. Mfundo ina yomwe mipingo imaiwala ndi yakuti zomwe mibadwo yapakati idawonjezera nazonso n'zofunika. Ngati khonde la tchalitchi chanu lidamangidwa m'ma 1960, musaligwetse pofuna kubwezeretsa maonekedwe a 1920, chifukwa nalonso lili ndi eni ake ndi nkhani yake. Anzathu a ku Australia, pa mfundo zawo zotchedwa Burra Charter zomwe zidayamba kulembedwa mu 1979, amalangiza kuti munthu achite zonse zofunika posamalira malo koma asinthe zochepa momwe angathere. Ine ndimawonjezera funso limodzi lomwe komiti yanu izidzifunsa pa chilichonse: kodi adzukulu athu akadzapeza kuti tidalakwitsa, adzatha kuchotsa zomwe taikazi popanda kuvulaza khoma? Laimu amachoka, pomwe simenti amachoka ndi nkhope ya njerwa. Ndipo musanakhudze kanthu, jambulani zithunzi mbali zonse, mulembe m'buku la mpingo zomwe mwasintha, tsiku lake ndi dzina la mmisiri.

Achinyamata akunena zoona kuti mpingo wakula, ndipo musawanyoze pa zimenezi. Yankho ndi kumanga chachikulu pambali, chakalecho n'kuchipatsa ntchito: Sande sukulu, kwaya, misonkhano ya amayi, mapemphero a m'kati mwa sabata. Ku Blantyre, tchalitchi cha St Michael and All Angels, chomwe chidamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott, chidachepa kalekale, koma mpingo udamanga holo yaikulu pafupi osagwetsa chakalecho. Nyumba ya Mandala House, ya mu 1882, mumzinda womwewo, ilipobe chifukwa anthu akuigwiritsabe ntchito. Nyumba yotsekedwa ndi loko imatha msanga kuposa yogwiritsidwa ntchito, popeza palibe woona kuti lata lasasuka kapena chiswe chayamba kumanga.

Chotsiriza, lemberani kalata a Department of Museums and Monuments, kudzera ku ofesi ya DC ngati kutero n'kosavuta, muwafunse ngati tchalitchi chanu chili m'kaundula wa malo otetezedwa. Lamulo la Monuments and Relics Act sililola kugwetsa kapena kusintha malo otere popanda chilolezo cha boma. Ngakhale chitakhala kuti mulibe m'kaundulamo, uphungu wawo muufunabe. Ana omwe atumiza ndalamawo muwauze zoona zokhazokha, kuti gawo lina la ndalama zawo lipita ku ngalande ndi kudenga, zinthu zomwe sizioneka bwino pa chithunzi cha pa WhatsApp.

FUNSO: Ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi nkhalango ya Chongoni. Ndikapita ndi ana kukaona zojambula za m'mapanga, ndimamva chisoni chifukwa zina zikufufutika ndipo pena anthu adalembapo mayina awo ndi makala. Mnzanga wina akuti tiziwaza madzi kuti zioneke bwino, titsuke makalawo ndi sopo, ndipo pomwe zazimiririka tibwerezemo ndi penti woyera. Kodi pali cholakwika, poti cholinga chathu n'chabwino? Mphunzitsi, Dedza.

YANKHO: Aphunzitsi, zonse zitatuzo musachite, ndipo mnzanuyo mumuletse mwaulemu koma mwamphamvu. Dera la Chongoni lili ndi malo 127 a zojambula pamiyala, ndipo bungwe la UNESCO lidaliika m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse mu 2006. Zojambula zofiira zimanenedwa kuti n'za Akafula, omwe adakhala kuno Achewa asanafike, pomwe zoyera zambiri n'za Achewa, ndipo adazipaka ndi dothi loyera pogwiritsa ntchito zala. Dothi lotere langokhala pamwamba pa mwala, silidalowe mkati. Madzi amaonetsadi chithunzi kwa mphindi zochepa, koma ulendo uliwonse amakokolola utoto pang'ono ndi kusiya mchere pamwala akauma. Sopo ndi nsalu zingachotse makala pamodzi ndi chojambula chomwe chili pansi pake, ndipo chimenecho palibe sitolo yomwe mungakachigule. Kuchotsa zolembalembazo ndi ntchito ya akatswiri omwe amayamba ayesa pa kachigawo kakang'ono. Inu jambulani zithunzi, mulembe malo ndi tsiku, mukanene kwa oyang'anira malowo ndi kwa mfumu ya deralo. Ana asamagwire mwalawo ndi manja, asamathamange n'kubutsa fumbi m'phangamo, ndipo aliyense woyatsa moto pansi pa mwala wojambulidwa adziwe kuti mwaye ndi kutentha zimawononga kuposa makala.

Za kubwereza ndi penti zikufunika kuzilingalira mofatsa, chifukwa wina angafunse kuti bwanji kwina amakonzanso zinthu zakale chaka ndi chaka popanda wowadzudzula. Ku Djenné, m'dziko la Mali, mzikiti waukulu wa dothi amaumata mwatsopano chaka chilichonse, mzinda wonse utasonkhana. Ku Uganda, nyumba yaikulu ya udzu ya pa manda a mafumu a Buganda ku Kasubi itapsa mu 2010, adaimanganso ndi manja a amisiri odziwa mwambo wake. Msonkhano womwe udachitikira ku Nara, m'dziko la Japan, mu 1994 udavomereza zimenezi ponena kuti kudalirika kwa chinthu chakale sikuyezedwa ndi zipangizo zokha, koma kumayezedwanso ndi luso, ntchito yake ndi mwambo wa eni ake. Kwathu kuno aliyense amadziwa kuti kachisi wofoleredwa udzu watsopano sakhala kachisi wina. Koma taonani omwe akumata ku Djenné: ndi eni mwambo, akuchita zomwe makolo awo ankachita, pa nthawi yake ndi pa chifukwa chake. Zojambula zoyera zambiri za ku Chongoni zidapakidwa pa chinamwali cha atsikana ndipo zina zikukhudza Nyau. Mphunzitsi yemwe wanyamula chitini cha penti si namkungwi, ndipo zomwe angapake zingakhale chithunzi cha chithunzi, chomwe patapita zaka 50 ofufuza angadzachitenge ngati chenicheni.

Pali chinanso chomwe simudafunse koma chikukukhudzani monga woyenda ndi ana. Matanthauzo ena a zojambulazi ndi a kutsimba ndi kudambwe, ndipo eni ake sadavomere kuti azinenedwa poyera. Kusamalira malo kumaphatikiza kusamalira chinsinsi chake. Musanapite ndi ana, kambiranani ndi anamkungwi ndi mafumu kuti akuuzeni zomwe zinganenedwe kwa mwana wa Sitandade 6, ndipo mwana akafunsa zomwe si za msinkhu wake, kumuyankha kuti zimenezo adzamva kwa eni ake nthawi ikadzakwana si kumubisira maphunziro.

FUNSO: Ndine wophunzira wa Fomu 4. Nyumba zakale zomwe mumati tisunge, monga za pa boma ndi za pa mishoni, zambiri zidamangidwa ndi atsamunda omwe adazunza makolo athu. Bwanji osazigwetsa kuti tiiwale? Wophunzira, Dedza.

YANKHO: Mwanawe, mkwiyo wako uli ndi pochokera. Ku Ntcheu Angoni sadaiwale kuti Inkosi Gomani Chikuse adaphedwa ndi asilikali a atsamunda mu 1896, ndipo msonkho wa nyumba ndi thangata zidasautsa anthu m'dziko muno zaka zambiri. Koma ndikufunse: nyumba zimenezo adaumba njerwa zake ndani? Mzungu ankagwira pepala ndi chingwe choyezera, koma woponda dothi, wocheka matabwa ndi wosenza katundu pamutu kuchokera kunyanja adali agogo ako, ena mwa kufuna kwawo, ena mokakamizidwa. Mayina awo sadalembedwe paliponse, ndipo ntchito ya manja awo ndiyo yokha yatsala yowachitira umboni. Usaphatikizenso nyumba zonse m'thumba limodzi, chifukwa mishoni ngati ya Nzama ya mu 1901 ndi ya Mua ya mu 1902 zili ndi mbiri yosiyana ndi ya ndende kapena ofesi yokhomera msonkho, ndipo ndi m'makalasi a mishoni zosiyanasiyana momwe mudaphunzira ambiri mwa omwe pambuyo pake adatsutsa ulamuliro wa atsamunda.

Kumbukira kuti ogwetsa nyumba pofuna kuti anthu aiwale adali atsamunda omwewo. Nkhondo ya John Chilembwe itatha mu 1915, adaphwasula tchalitchi chake cha njerwa ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Chikadakhalapo lero, bwenzi ana a sukulu akulowamo n'kuona ndi maso kuti munthu wakuda adamanga chotani pa nthawi imeneyo. Ofesi yomwe agogo ako ankaima pamzere ndi ndalama ya msonkho ikagwetsedwa, wotsutsa kuti zimenezo zidachitika amapeza mpata.

Fano la munthu ndi nkhani ina, ndipo pamenepa ndikugwirizana nawe pang'ono. Nyumba imangonena kuti izi zidachitika, pomwe fano loimikidwa pakati pa bwalo limanena kuti munthu uyu alemekezedwe. N'chifukwa chake ophunzira a pa yunivesite ya Cape Town atadandaula, fano la mtsamunda Cecil Rhodes lidachotsedwa pamalo pake mu 2015. Anthu ali ndi ufulu wosintha yemwe akumulemekeza, bola achite atakambirana poyera, fanolo alisunge pomwe mbiri yake yonse ingafotokozedwe, osati kuliphwanya usiku.

Ngati ukufuna kuchitapo kanthu, sankha nyumba imodzi yakale ya kwanuko, utenge kope ndi foni, upite kwa agogo omwe adakali moyo m'midzi yozungulira. Uwafunse kuti dothi la njerwa linkakumbidwa pati, nkhuni zinkachokera phiri liti, ndani ankayang'anira uvuni, ankalipidwa ndi chiyani, ndalama, mchere kapena nsalu, ndipo okana ntchito ankawachita chiyani. Zomwe upezezo ukapereke kwa aphunzitsi a mbiri ndi kwa eni nyumbayo, uwapemphe kuti mayina a omangawo alembedwe pa chikwangwani choima pachokha pafupi ndi khomo, osati chokhomera ndi misomali m'njerwa.